Tirigu wa mthirira wachita chikasu pomwe feteleza munathira: poyambira kufufuza

Chaka ndi chaka ukangolowa mwezi wa Ogasiti, funso limene limandipeza ku kalabu yathu ndi limodzimodzi: "Tirigu uja wayamba chikasu, kodi tithirenso Urea?" Ndikafunsitsa ndimapeza kuti wofunsayo wathira kale kawiri. Chaka chatha mayi wina amene tayandikana ndime anagulitsa mbuzi kuti agule feteleza wachitatu, koma tirigu sanasinthe. Titakumba ndi khasu m'ndime mwawo tinapeza kuti pamwamba ponyowa bwino, koma kuzama chikhatho chimodzi dothi lili gwa, louma ngati chikwatu. Mbewu ija sinali ndi njala ya feteleza. Inali itatseka masamba chifukwa cha ludzu, ndipo mbewu yotseka masamba singathe kudya.

Tirigu kwawo ndi kumapiri kozizira, monga ku Tsangano m'boma la Ntcheu ndi ku Neno. Amakondwa kutentha kukakhala pakati pa madigiri 15 ndi 25. Ife a ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, timangomubera kampata ka miyezi yozizira, ndiye kulakwitsa pang'ono kumaonekera msanga. Zambiri zimene ndalemba pano zikukhudzanso nyemba ndi tomato, chifukwa masamba ake amagwira ntchito mofanana ndi a tirigu.

Muyambe mwamvetsa izi, zinazo zikhala zosavuta

Mukazula phesi la tirigu n'kuliumitsa, pafupifupi magawo 45 pa 100 a kulemera kwake ndi kaboni. Kaboni ameneyu sachokera m'dothi kapena m'thumba la feteleza. Amachokera mumpweya wa carbon dioxide umene tsamba limakoka kudzera m'timabowo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Nayitirojeni amene timamugula modula uja safika n'komwe magawo 5 pa 100.

Panja mpweya umenewu sutha. Ulipo tizigawo toposa 420 pa miliyoni iliyonse, ndipo ukuchulukirachulukira. Kumene umasowa ndi mkati mwa tsamba. Timabowo tija n'tomwenso madzi amatulukira, choncho mbewu ikamva ludzu, kapena mphepo yotentha ikamaomba, imatitseka kuti isaume. Khomo likatsekedwa madzi satuluka, koma mpweyanso sulowa.

Zikatero pamaonongeka zinthu ziwiri. M'tsamba muli chinthu chimene akatswiri amachitcha Rubisco, chimene ntchito yake ndi kugwira carbon dioxide kuti apangidwe shuga. Chinthu chimenechi chokha chimatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nayitirojeni yense wa m'tsamba la tirigu. Carbon dioxide akachepa, makamaka kukatentha, Rubisco amagwira okosijeni m'malo mwake. Kukonza cholakwika chimenechi kumadyera mbewu mphamvu, kumatayitsa kaboni amene anagwidwa kale, ndiponso kumamasula amoniya (mtundu wa nayitirojeni) amene mbewu iyenera kumugwiranso kachiwiri.

Chachiwiri n'chimene alimi ambiri sitichidziwa. Urea akalowa m'dothi amasanduka amoniya, kenako nitrate (nayenso ndi mtundu wa nayitirojeni), ndipo mizu imamwa. Koma nitrate si chakudya chopsa. Tsamba liyenera kumusintha n'kumulumikiza ndi kaboni wochokera ku shuga kuti pakhale mapuloteni. Taganizani kumanga nkhokwe: nayitirojeni ndi luzi, kaboni ndi nsungwi. Luzi mungabwere nalo mitolo khumi, koma popanda nsungwi nkhokwe siima. Tsamba likasiya kupanga shuga, ntchito yosintha nitrate nayonso imabwerera m'mbuyo pa kanthawi kochepa, ndipo nitrate amangounjikana m'mapesi osagwira ntchito.

N'chifukwa chake nzimbe za ku Nchalo ndi mapira a ku Ngabu zimasangalala padzuwa limene limafoola tirigu. Nzimbe, mapira, mchewere ndi chimanga zili ndi njira yake yopopera carbon dioxide n'kumuunjika pamene pali Rubisco, moti zimadya bwino ngakhale timabowo tili totsekula pang'ono. Tirigu njira imeneyo alibe.

Chizindikiro choyamba: masamba akupindika kapena kulendewera masana

Pitani kumunda kawiri, mbandakucha ndi cha m'ma 1 koloko masana. Zimene muone nthawi ziwirizi ndizo zikuuzeni zambiri kuposa kuyang'ana kamodzi. Zoyambitsa vutoli ndi izi:

1. Kuthirira kwapamwamba. Ichi ndiye chimachuluka, makamaka kwa othirira ndi ndowa kapena kheni. Kumbani masentimita 20, tengani dothi la pansipo mulifinye m'manja. Likakana kuumbika n'kumangoyoyoka, mizu ili pouma. Thirirani mokwanira kuti madzi afike pansi, ngakhale kukhale kudumphitsa masiku, kusiyana ndi kuwaza pang'ono tsiku lililonse. Mukatha kumbaninso pena kuti muone pamene madzi alekezera.
2. Mphepo yotentha ndi youma. Dothi lili ndi chinyezi, m'mawa mbewu ili chilili, koma masana yapinda masamba. Apa mizu ikulephera kutunga madzi mofanana ndi momwe masamba akutayira. Thirirani madzulo kapena m'mawa kwambiri, phimbirani dothi ndi mapesi kapena udzu wouma, ndipo ngati n'kotheka ikani mpanda wa bango kumbali yochokera mphepo. Feteleza musathire sabata imeneyo.
3. Madzi ochuluka. Zimadabwitsa, koma mbewu yomira imafota ngati ya ludzu, chifukwa mizu ikasowa mpweya imaleka kumwa. Zimachitika kwambiri pa makande. Zulani phando limodzi: mizu yabwino ndi yoyera, yomira imakhala yotuwa kapena yabulauni, ndipo dothi limamveka fungo la chithaphwi. Tsegulani ngalande madzi atuluke, musathirirenso mpaka pamwamba pauma.
4. Chiswe kapena mphutsi zodya mizu. Izi zimagwira phando ili n'kusiya ilo, osati ndime yonse. Mbewu yake imazuka mosavuta ndipo sidzuka ngakhale m'mawa.

Chizindikiro chachiwiri: chikasu, chonsecho feteleza munathira

Pano ndipo ndalama zimathera, ndiye tikhalepo pang'ono. Musanachite chilichonse yang'anani kuti chikasu chayambira masamba ati.

Ngati chayambira masamba am'munsi, kuchokera kunsonga kulowera kuphesi, ndiye kuti mbewu ikusamutsa nayitirojeni kuchoka m'masamba okalamba kupita kwa atsopano. Izi sizitanthauza msanga kuti m'dothi mulibe. Zoyambitsa zake, kuyambira chofala kwambiri:

1. Vuto la madzi. Dothi likauma, feteleza amangokhala pamene munamusiya. Likamira, mizu simwa, komanso tizilombo tosaoneka ta m'dothi timasandutsa nitrate kukhala mpweya n'kuuluka. Bwererani ku chizindikiro choyamba, konzani za madzi, dikirani masiku 5 mpaka 7. Tsamba lachikasu kale silibwerera, ndiye muziyang'ana latsopano limene likutuluka pakati. Likatuluka lobiriwira, thumba lija musagule.
2. Urea anauluka. Urea ali ndi nayitirojeni magawo 46 pa 100, koma mukamumwaza pamwamba pa dothi lonyowa pang'ono, dzuwa lili phwee, osamukwirira kapena kumuthirira, gawo lalikulu limathawa ngati amoniya. Dothi la malo ambiri m'chigwa muno limakulitsa vutoli chifukwa si la asidi. Thirani madzulo, kwirirani m'kamzere pambali pa mbewu, thirirani nthawi yomweyo.
3. Feteleza anatsukika. Minda ina m'mbali mwa Shire, Ruo ndi Mwanza inatsala ndi mchenga wambiri madzi osefukira atadutsa, monga zinachitikira ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023. Pamchenga nitrate amatsika ndi madzi kupitirira mizu. Gawani feteleza yemweyo katatu m'malo mothira kamodzi, ndipo onjezerani manyowa owola bwino kuti dothi lizigwira.
4. Feteleza anachepadi. Izi zimachitika, koma muziganizira pomaliza.

Njira yodziwira popanda kuononga ndalama ndi iyi. Sankhani kamalo ka sitepe imodzi yaikulu m'litali ndi m'lifupi, pakati pa ndime yachikasuyo. Thiranipo Urea wa m'kabokosi ka machesi kosadzaza, thirirani, zikani kamtengo kuti musaiwale malowo. Pakatha sabata, kamaloko kakabiriwira kuposa pozungulira, mbewu ikufunadi feteleza. Kakakhala chimodzimodzi, vuto lili kwina.

Ngati chikasu chayambira masamba atsopano am'mwamba, am'munsi ali obiriwira, Urea sangathandize konse. Kawirikawiri kumeneko ndi kusowa kwa salufa, amene mbewu imamufuna pamodzi ndi nayitirojeni popanga mapuloteni. Alimi amene anadumpha feteleza wokulitsa wa NPK 23:10:5+6S+1Zn n'kuthira Urea yekha ndiwo amakumana nazo. Sulphate of ammonia amathandiza chifukwa ali ndi zonse ziwiri. Koma masamba atsopanowo akakhala ndi mizere, mitsempha yobiriwira pakati pake poyera, ndiye kuti mwina ndi ayironi kapena zinki amene wamangika m'dothi. Pamenepo musalote, kayezetseni dothi.

Pomaliza pukutani tsamba ndi chala. Chala chikatuluka ndi ufa wofiirira ngati dzimbiri la chitsulo, amenewo ndi matenda a dzimbiri, osati njala.

Chizindikiro chachitatu: mbewu yobiriwira kwambiri koma yopinimbira, nsonga zopsa

Choyamba kukayikira ndi mchere. Tonse tikudziwa zitsime ndi mijigo ya m'chigwa muno imene madzi ake sakomera pakamwa, komanso malo a chikungu. Mchere umakanganirana madzi ndi mizu, ndiye mbewu imatseka timabowo ngakhale ili pamatope. Yang'anani m'mbali mwa mizere dothi likauma: kodi pali zoyera ngati phulusa? Lawani madzi amene mukuthirira. Ngati pafupi pali nyemba, zionereni, pakuti nyemba zimagonja ku mchere msanga kwambiri kuposa tirigu. Mankhwala ake ndi madzi abwino ochuluka otsukira mcherewo pansi, koma izi zimatheka pokhapokha pali ngalande yotulutsira madzi. Popanda ngalande mukungoukweza mchere pamwamba. Feteleza nayenso ndi mchere, kotero kumuthira pamalo otere n'kuonjezera moto.

Chachiwiri ndi feteleza wochuluka pa mbewu ya ludzu, zomwe ndi zija za luzi lopanda nsungwi. Masamba amada bii, nsonga n'kupsa, koma mbewu osatalika. Thirirani mokwanira kawiri motsatizana, feteleza mulekeretu. Mukapitiriza kuthira, madzi akabwerera mbewu imathamanga ndi mapesi ofewa n'kudzagwa ngala zikalemera.

Chizindikiro chachinayi: ngala zatuluka koma maso ake ndi mphwepwa

Diso la tirigu mbali yaikulu ndi sitachi, ndipo sitachi ndi kaboni amene masamba am'mwamba, makamaka tsamba lomaliza lija lili pansi pa ngala, amagwira m'masabata otsatira maluwa. Tsiku lililonse limene tsamba limeneli lakhala lotseka ndi ufa umene wachoka m'thumba lanu.

Chimene chimachititsa kwambiri ndi kubzala mochedwa. Tirigu amachita maluwa patatha pafupifupi miyezi iwiri kapena kupitirirako pang'ono chibzalireni. Kutentha kukapitirira madigiri 30 pa nthawi ya maluwa, ena mwa maluwawo sabereka, ndipo maso amene agwira amakhwima mothamanga asanadzaze. Wobzala kumayambiriro kwa Meyi maluwa ake amakumana ndi kuzizira kwa Julayi. Wobzala mu Julayi amakumana ndi dzuwa la Sepitembala. Ndikudziwa kuti madimba ambiri a m'mbali mwa Elephant Marsh madzi amachedwa kuphwa, ndipo mlimi sangabzale pamadzi. Koma maganizo anga ndi akuti Juni akafika pakati musanabzale, mbewu ya tirigu ija isungeni, pamalopo ikani chimanga kapena mbatata. Chaka chimene zachitika kale palibe chokonza, kupatula kusalola kuti ludzu liwonjezere pa kutentha.

Zina zotsatira:

- Kusiya kuthirira msanga poona kuti ngala zatuluka. Pitirizani mpaka diso mukalifinya lisatulutse mkaka, likhale ngati mtanda wolimba.
- Dzimbiri kapena nsabwe za m'masamba pa tsamba lomaliza. Tembenuzani tsamba muone kunsi.
- Ngala yoyereratu pakati pa zobiriwira. Ikokeni. Ikasololoka mosavuta, kunsi kwake kuli kodyedwa, ndi mbozi ya m'phesi.

Chizindikiro chachisanu: mu greenhouse mbewu zikukula mwaulesi

Awa ndi malo okhawo kumene carbon dioxide amathadi mumpweya weniweniwo. Magulu ena alandira nyumba za pulasitiki zolimamo tomato ndi mbande, ndipo ena amayeseramo timabedi ta tirigu. Nyumba yotseka ikadzaza masamba, dzuwa likangotuluka mbewu zimayamba kukoka mpweya, ndipo pa maola ochepa ukhoza kutsika kufika theka la wa panja. Madzi alipo, feteleza alipo, masamba aakulu, koma mapesi owonda ndipo maluwa akuyoyoka.

Tsegulani mbali zonse ziwiri dzuwa likangotuluka, osadikira kuti mkati mutenthe. Onani neti yotchinga tizilombo: fumbi la kuno limaitseka maso moti mphepo sidutsa, ndiye itsukeni ndi madzi. Patulirani masamba am'munsi ndipo musapanikize mbewu.

Ndinamvapo wina akulangiza anzake kuti aziyatsa mbaula m'katimo kuti mbewu zipeze mpweya. Chonde musayerekeze. Makala oyaka m'malo otseka amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umapha munthu, ndipo utsi wake umayoyola maluwa a tomato.

Ziweto: apa samalani kwambiri

Mbewu ikakanika, ambiri timati bola ng'ombe zidye. Kumbukirani nitrate uja waunjikana m'mapesi, makamaka chakumunsi kwake. Tirigu, chimanga kapena mapira amene anathiridwa feteleza wambiri kenako n'kufota ndi ludzu akhoza kupha ng'ombe ndi mbuzi, chifukwa m'mimba mwake nitrate amasanduka chiphe choletsa magazi kunyamula okosijeni. Kuumitsa mapesi sikuchotsa nitrate.

- Musalowetse ziweto zanjala m'munda wotere. Ziyambe zadya udzu wina.
- Mukathirira kapena mvula ikagwa pa mbewu yofota, dikirani sabata yathunthu mbewu iyambenso kukula.
- Podula siyani chitsa chachitali.
- Mapira ophukira ali ndi chiphe chawochawo china, chomwe makolo athu ankachidziwa kale. Ziweto zisayandikire.

Chiweto chikayamba kupuma mwabefu, kudzandira, ndipo m'kamwa ndi m'zikope mwasanduka motuwa kapena mwabulauni, chichotseni pa chakudyacho, musachithamangitse, itanani mlangizi wa ziweto nthawi yomweyo. Chiphechi chimapha pa maola ochepa, ndipo mankhwala ake ndi obaya mumtsempha, osati a pakhomo.

Nthawi yoti musiye zoyesayesa muitane mlangizi

- Mwakonza za madzi, mwayesa kamalo ka Urea kaja, sabata yatha koma tsamba latsopano likutulukabe lachikasu.
- Pamwamba pa dothi pakuyera mchere, kapena madzi othirira akumveka mchere. Kutsuka munda popanda kuyeza kungathe kuononga ndime za anzanu akumunsi.
- Dzimbiri lafika pa phesi kapena pa tsamba lomaliza ndipo likufalikira. Musagule mankhwala mwa kumva kwa anzanu, chifukwa opha mbozi sapha dzimbiri.
- Ngala yayera theka lam'mwamba, theka lam'munsi lili lobiriwira, ndipo polekezera pali kadontho kakuda. Matenda otchedwa wheat blast, amene amaoneka motere, anapezeka ku Mpika m'dziko la Zambia mu 2018. Musasunge mbewu ya m'munda umenewo kapena kugawira wina mlangizi asanaone.
- Ndime zambiri za mu sikimu zadwala nthawi imodzi. Pamenepo vuto likhoza kukhala la madzi a mu ngalande yaikulu, osati la mlimi mmodzi.

Yambirani kwa mlangizi wa m'dera lanu kapena ku ofesi ya zaulimi ya m'deralo (EPA). Iwo ndi amene angatumize nkhani ku likulu la zaulimi m'chigwa chino (Shire Valley ADD) ku Ngabu, kapena kwa akatswiri a kafukufuku ku Kasinthula ndi ku Bvumbwe. Popita musanyamule tsamba limodzi louma m'thumba la malaya. Zulani mapando awiri ndi mizu yomwe, lina lodwala lina labwino, muwakulunge m'pepala lonyowa. Tungani madzi amene mumathirira m'botolo lotsuka bwino. Tengani dothi la pamwamba ndi la masentimita 20 pansi, m'mapepala osiyana. Lembaninso papepala tsiku limene munabzala, masiku amene munathira feteleza, mtundu wake ndi muyezo wake, komanso kuti mumathirira pakapita masiku angati.